Nkhungu Sagwetsa Munthu

Anakumana pa siteji ya basi, mvula ikukhuthuka ngati yachita kutumidwa. Khonde la sitolo linali litadzaza, ndipo mtsikana wina anatsala panja. Anaima chowerama, msana ukunyowa, manja atafumbata kanthu pamimba.

Mnyamata wokonza mafoni anamuyang'ana kaye, kenako chifundo chinamugwira.

"Pepani chemwali, mwabisa mwana m'malayamo?"

"Buku," anayankha mtsikanayo.

"Ndiye mwasankha kuti munyowe ndinu?"

"Ine ndikauma. Ili likanyowa, basi lapita."

Mnyamatayo anakhuthula mabatire ndi timawaya tonse m'jumbo yake, natilonga m'matumba a thalauza, n'kumupatsa jumboyo. Mtsikanayo analowetsamo kabuku kakale ka zithunzi, namanga bwinobwino, kenako anadzutsa mutu. Magalasi ake anali atachita nthunzi moti sankaona amene wamuthandiza.

"Zikomo, bambo a Jumbo."

"Palibe kanthu, Namagalasi."

Mayina amenewo anawakanirira mpaka mapeto. Basi itabwera anakhala mpando umodzi, ndipo pofika kotsikira Jumbo anali atadziwa kale kuti mtsikanayo amasoka makatani, amadana ndi nyimbo zaphokoso, komanso kuti foni yake ili ndi vuto la mawu. Vutolo analikonza mawa lake. Namagalasi atabweranso mkuja wake n'kunena kuti vuto lija layambiranso, Jumbo anayang'ana foniyo n'kupeza kuti ilibe vuto lililonse, koma anaitsegulabe.

Chikondi chinayamba choncho, ndi foni yabwinobwino yotsegulidwa kawiri.

Kabuku kaja ndi timabuku tina ta zithunzi tinali ta achimwene ake a Namagalasi. Tinkasimba za ngwazi yotchedwa Nkhungu, munthu wa chijasi chotuwa yemwe amasanduka nkhungu n'kuuluka pakati pa nyumba zitalizitali. Ntchito yake yaikulu inali kuwakha anthu akugwa. Kaya wagwa pa mlatho, kaya wakankhidwa pa zenera, Nkhungu amafika, manja ake amalimba, munthu n'kupulumuka.

Za achimwenewo Namagalasi anazinena kamodzi kokha, atakhala pa benchi ya kuseri kwa shopu, maso ali pa zala zake.

"Anali mmisiri womanga nyumba zosanjikizana. Tsiku lina anaiwala mankhwala awo, mayi anandituma. Nditafika ndinawakodola ndili pansi. Iwo anakweza dzanja ali pa nsanja pamwamba, akuseka. Thabwa linathyoka."

Jumbo anangomugwira dzanja.

"Ndinaona zonse, Jumbo. Mpaka lero kapu ikagwa pa tebulo mtima umandichoka. N'chifukwa chake ndimakonda timabukuti. Achimwene ankati, 'Usaope mlongo wanga, Nkhungu sagwetsa munthu.'"

"Ngakhale ine sindidzakugwetsa," anatero Jumbo.

Amuna inu, malonjezo amakutulukani mosavuta ngati malovu.

Chaka chitatha, mphete inali pa chala cha Namagalasi. Ndipo mwezi womwewo zikwangwani zinadzaza m'tauni: nkhani ya Nkhungu aipanga filimu. Namagalasi anajambula chikwangwani chimodzi n'kutumizira Jumbo uthenga.

"Wapamtima, waona? Akubwera! Achimwene akanakhalapo bwenzi atagona pakhomo la holo."

"Ndaona, duwa langa. Mpando wa achimwene ndikhalapo ine."

"Lonjeza kuti tidzayionera limodzi koyamba. Osaonera, osawerenga, osamvera za anthu."

"Ndalonjeza. Maso anga sadzamuona Nkhungu popanda magalasi ako pambali panga."

Koma filimu isanayambe kuonetsedwa, mayi a Namagalasi anadwala, ndipo anawatumiza ku chipatala chachikulu cha kutali kuti akawachite opaleshoni. Wowadikirira anali Namagalasi. Pokwera basi anamuloza Jumbo ndi chala, akumwetulira ngakhale maso anali ofiira.

"Undidikira?"

"Ngakhale chaka."

Pafupi ndi tebulo la Jumbo panali tebulo la mtsikana wogulitsa makava a mafoni. Anthu ankamutcha Katsabola, chifukwa pakamwa pake panali poyabwa. Katsabolayo ankamutchula Jumbo kuti "katundu wa eni", ndipo Jumbo ankaseka. Kuseka kunabala mauthenga, mauthenga anabala kuperekezana ku siteji. Jumbo ankadziuza kuti ndi macheza chabe. Nanga macheza chabe munthu amawafufuta m'foni akamaliza?

Loweruka loyamba la filimu, Katsabola anaika matikiti awiri pa tebulo la Jumbo, pamwamba pa foni ya kasitomala.

"Msuweni wanga wandikhumudwitsa. Tiye."

"Ndinalonjeza munthu."

"Ndiye munthuyo ali ndi maso aatali bwanji oti n'kuona kuno? Ukadzapita naye udzangoti 'ha!' pamene anzako akuti 'ha!' Chovuta n'chiyani?"

Sitinganene kuti anamukoka. Jumbo anatseka yekha bokosi la zipangizo, anapesa yekha tsitsi, anayenda ndi miyendo yake.

Holo inali yodzaza masana amenewo. Ena anavala majasi otuwa ngakhale kunja kunali dzuwa. Abambo ena anabwera ndi ana, atanyamula timabuku takale. Magetsi atazima anthu anaimba mluzu.

Koma filimuyo sinali ya chisangalalo. Nkhungu wake anali munthu wotopa, wosaseka, wokhala m'chipinda chodontha. Mzinda wake unali wamdima ngakhale masana. Ana anayamba kufunsa kuti ayamba liti kuuluka. Katsabola anatsamira phewa la Jumbo, ndipo dzanja la Jumbo linapeza lokha njira ya m'chiuno mwake.

Chakumapeto, mng'ono wake wa Nkhungu anaoneka ali pa nsanja, pamwamba pa nyumba yosamalizidwa. Mphepo inawomba. Chipewa chake chachikasu chinavuka, n'kuyamba kugwa chikuzungulira. Kenako thabwa linathyoka.

Nkhungu anauluka. Anthu anayamba kuwomba m'manja asanafike n'komwe, poti aliyense ankadziwa zomwe zimachitika. Anatambasula manja. Koma manjawo sanalimbe. Anakhalabe nkhungu, ndipo mng'ono wake anangodutsamo.

Kuwomba m'manja kunaduka. Holo yonse inati zii, ndipo mu bata limenelo munamveka kugunda kwa thupi pansi. Kamera sinayang'ane kumbali. Mayi wina anakuwa. Mwana analira. Anthu atayamba kupuma poganiza kuti zatha, filimu inabwerezanso kugwa kuja, pang'onopang'ono, monga mmene Nkhungu ankakukumbukirira.

Katsabola anabisa nkhope m'khosi mwa Jumbo. Jumbo anauma. M'maso mwake simunali mng'ono wa Nkhungu, munali mtsikana wa sukulu atanyamula mankhwala, akukodola munthu pamwamba.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anaisuzumira mobisa.

"Mayi adya lero, alankhulanso. Ndakusowa, Jumbo wanga. Tseka makutu, anthu asakuuze za Nkhungu."

Potuluka, kuseri kwa chitseko, Katsabola anamupsompsona. Ndipo tinene zoona, Jumbo sanakane.

Sabata imeneyo tauni yonse inali pa mkangano. M'basi, kometa tsitsi, pa tebulo la Jumbo pomwe, nkhani inali imodzi.

"Atiwonongera Nkhungu," anatero mphunzitsi wina akudikira foni yake. "Ine ndinapita ndi ana kuti akaone munthu wabwino akupambana. Mwana wanga mpaka pano akukana kukwera masitepe."

"Ayi bambo, imene ija ndiye filimu," anatsutsa mnyamata wa njinga yamoto. "Moyo ndi choncho. Mumafuna azitinamiza mpaka liti?"

"Bodza lina ndi mankhwala, mwana iwe. Nanga iwe wokonza mafoni ukuti bwanji?"

"Sindinaonere," anatero Jumbo, nkhope ili m'foni yotsegula. Kasikuluwu kanamupulumuka n'kugwa pansi. Katsabola anatsokomola pa tebulo lake.

Madzulo ake Jumbo anamuuza Katsabola kuti zawo zithe.

"Zithe ziti? Zinayamba?" Katsabola anaseka akulongedza makava. "Usaope, ine sindiulula. Koma nkhope yakoyo, katundu wa eni, siisunga kanthu."

Chakudya chinasiya kumukomera. Uthenga uliwonse wa Namagalasi unkamulasa. "Wagona bwanji, mwamuna wanga wokhulupirika?" Ankayankha ndi timitima tambirimbiri, ngati kuchuluka kwa timitima kungatsuke munthu.

Mayi atachira, Namagalasi anabwerera ataonda koma maso akuwala. Anali atazimitsa intaneti masiku onsewo. Anati m'basi yobwerera anthu atayamba za Nkhungu, iye anatseka makutu ndi zala n'kumaimba nyimbo ya kwaya mpaka kondakitala anamufunsa ngati ali bwino.

"Loweruka tikupita," anatero.

"Wokondedwa, anthu akuti siyabwino kwenikweni."

"Anthu ati? Wamvera za anthu?"

"Ayi, kungoti mwina tidikire kaye. Wangochoka kuchipatala, mtima wako..."

"Jumbo, ukandiuza ngakhale liwu limodzi, mphete iyi uivala wekha." Ananena akuseka, zala zili kale m'makutu.

Akanatha kugwira manja aja n'kunena kuti, "Muli munthu wogwa." Mawu atatu okha. Koma wakuba amaona ngati aliyense wavala yunifolomu. Ankaopa funso lotsatira: wadziwa bwanji? Ankaopa kuti akangotsegula pakamwa, zonse zikhuthuka. Choncho anasekanso naye, n'kunena kuti Loweruka apitadi.

Tsikulo Namagalasi anavala shati yaikulu ya achimwene ake, atapinda manja. Ananyamulanso kabuku kaja, m'jumbo yomwe ija ya pa siteji, yomwe ankaisunga yopindidwa bwino m'bokosi la ulusi.

"Nawonso aonere," anatero akukagwira kabukuko pachifuwa.

Analowa ya masana. Atakhala pansi Namagalasi anayang'ana makatani a m'holo n'kugwedeza mutu. "Amene anasoka awa sakonda ntchito yake. Taona mpendero." Kenako anamugwira Jumbo dzanja. "Zikomo pondidikira. Ndikudziwa kuti anzako onse aonera."

Jumbo anangomwetulira.

Filimu inayamba. Namagalasi ankanong'ona kuti jasi alilakwitsa, chipinda cha Nkhungu sichinali chonchi, koma ankaonera ndi thupi lonse, atasendera kutsogolo kwa mpando. Anthu akadzidzimuka, Jumbo ankadzidzimuka nawo, mochedwa pang'ono. Anthu akaseka, ankaseka nawo. Thukuta linkatsika m'khwapa.

"Lero sukugona?" ananong'ona Namagalasi. "Iwe filimu iliyonse umaliza mkonono."

"Iyi ndi yako."

Anamufinya dzanja mwachikondi, ndipo Jumbo anafuna pansi patang'ambika.

Nyumba yosamalizidwa ija inaoneka. Nsanja inaoneka. Jumbo anamva zala za Namagalasi zikuzizira m'dzanja lake, koma mtsikanayo anadzilimbitsa. "Palibe kanthu," ananong'ona, osati kwa Jumbo koma kwa iye mwini. "Nkhungu sagwetsa munthu."

Apa ndiye panali pa mphambano. Akangokhala chete, Namagalasi aona zonse, akomoka kapena akuwa, ndipo Jumbo amunyamula, amutonthoza, akhala mwamuna wabwino yemwe sankadziwa kanthu. Chinsinsi chipulumuka, ukwati upulumuka. Mtengo wake ndi woti mtsikanayu aonenso achimwene ake akugwa. Kodi munthu angagule mtendere wake ndi maso a mnzake?

Mphepo inawomba. Chipewa chachikasu chinavuka.

Jumbo sanaganizenso. Anavula magalasi a Namagalasi, anakokera mutu wake pachifuwa pake, khutu lina pa shati, lina analitseka ndi chikhatho.

"Jumbo, ukutani? Bweretsa magalasi anga."

"Khala choncho, chonde."

Holo inayamba kuwomba m'manja. Kenako kunati zii. Kenako kugunda kuja, kumene Jumbo anakumva m'mafupa ngakhale kanali kachiwiri. Mtsikana wina kutsogolo anakuwa. Mkulu wina kumbuyo anaimirira n'kulankhula ndi filimu ngati ikumumva: "Wamugwetsa. Mng'ono wako weniweni wamugwetsa, iwe?" Mipando inalira, ena akutuluka.

Chikhatho sichitseka zonse. Namagalasi anamva mawu a mkuluyo. Phokoso litachepa anayesa kudzutsa mutu.

"Dikira," ananong'ona Jumbo. "Abwerezanso."

Anabwerezadi. Holo inabuula. Pamene chithunzi chinasintha, Jumbo anamasula dzanja, napukuta magalasi ndi shati yake, namuveka.

Namagalasi sanayang'ane filimu. Anayang'ana Jumbo, nthawi yaitali, kuwala kwa filimu kukusinthasintha pa magalasi ake. Kenako ananyamula jumbo yake n'kutuluka. Jumbo anamutsatira akupunthwa pa miyendo ya anthu.

Panja pa holo, m'khonde lamkati, munali kuwala kwa dzuwa ndi fungo la mbuliwuli. Amene anatuluka msanga anali atayamba kale kukangana. Namagalasi anakaima pafupi ndi zenera.

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinawerenga pa foni. Pepa, ndinalephera kupirira, ndiye..."

"Pa foni analemba kuti chipewa chikavuka uvule munthu magalasi? Analembanso nthawi yochotsa dzanja?"

Jumbo anayang'ana nsapato zake.

"Ndinaonera," anatero.

"Liti?"

"Loweruka loyamba."

"Tsiku limene mayi anadya." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinakulembera uli momwemu?"

"Eya."

"Kuonera kokha ndikanakukhululukira, Jumbo. Ndikanakwiya sabata, basi. Koma iwe supita kulikonse wekha. Ngakhale kometa tsitsi umafuna wokuperekeza. Unali ndi ndani?"

Bodza lina linali pafupi, la anzake a mpira, ndipo likanagwira ntchito. Koma Jumbo anali atatopa.

"Katsabola."

"Wa makava uja? Amene anandipatsa kava ya maluwa n'kumanditchula kuti mlamu?"

"Zinatha. Ndinathetsa ndekha sabata yomweyo. Ndikulumbira, wapamtima, kuyambira tsiku lija sindinadyepo chakudya n'kuchimva kukoma. Ndine wolakwa. Ndilibe chonena china, ndine wolakwa."

Misozi inatsika pansi pa magalasi, koma mawu ake sananjenjemere.

"Ndifunse chimodzi. Pamene munthu uja amagwa tsiku limenelo, unandikumbukira?"

"Ndinakukumbukira. Sindinaone china koma iwe."

"Dzanja lako linali pati?"

Jumbo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kumbuyo kwawo mnyamata wina ankauza anzake kuti filimu ya chaka ndi imeneyi, wina akumuyankha kuti olemba ake alibe mtima.

"Ndamva," anatero Namagalasi.

"Ndikanatha kukhala chete m'katimo," anatero Jumbo, mawu akuthyoka. "Sukanadziwa. Koma sindikanapirira kuti uone zija. Zimenezo sizikutanthauza kanthu?"

"Zikutanthauza. N'chifukwa chake zikundipweteka chonchi. Ukanakhala woipa yense bwenzi zili zosavuta." Anapukuta tsaya ndi mkono wa shati ya achimwene ake. "Unali ndi masiku onse aja oti undiuze. Unandisiya ndivale shati iyi, ndinyamule buku ili, ndikuthokoze pondidikira. Ndinakuthokoza, Jumbo. Iwe n'kulandira."

Anamasula jumbo ija, natulutsa kabuku, nakaika m'kati mwa shati monga tsiku la mvula lija. Kenako anapotokola mphete pa chala. Inavuta pang'ono, koma inatuluka. Anaiponya m'jumbo yopanda kanthuyo n'kumupatsa.

"Jumbo yanu iyi, bambo. Munandibwereka kalekale."

"Namagalasi, chonde, usandigwetse chonchi."

Namagalasi anayenda kupita pa kawindo ka matikiti. Mayi wogulitsa anamuyang'ana, n'kuyang'ananso Jumbo yemwe anaima kumbuyo ngati mtengo wouma.

"Yotsatira iyamba posachedwa. Awiri?"

"Imodzi."

Jumbo anamugwira mkono. "Usalowe. Kwiya nane mmene ungathere, koma usakaone zija. Kamera siyang'ana kumbali. Sudzagona."

Namagalasi anachotsa dzanja lake mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Achimwene ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndilipo mpaka lero. Zaka zonsezi ndimafuna wina andiuze kuti pali munthu amene sagwetsa mnzake. Lero ndikufuna ndione ndekha."

Anthu a filimu yoyamba anatuluka akukangana, atsopano analowa akuseka, ena atavala majasi otuwa. Namagalasi analowa nawo osacheuka. Chitseko chinatsekedwa.

Jumbo sanapite kwawo. Anakhala pansi m'khondemo, msana pa khoma la holo, jumbo ili pamiyendo. Mlonda anabwera kudzamufunsa ngati akudikira munthu. Anati eya. Mlondayo anamuyang'ana nkhope n'kumusiya.

Kudzera m'khoma ankamva zonse. Ankadziwa pamene anthu aseke, ndipo anasekadi. Ankadziwa pamene adzidzimuke, ndipo anadzidzimukadi. Dzuwa linasuntha pa simenti mpaka linafika pa nsapato zake.

Kenako anamva mphepo ija. Holo inayamba kuwomba m'manja.

Dzanja la Jumbo linanyamuka lokha, chikhatho chotambasula, kufuna khutu loti litseke. Linakhala m'mwamba choncho pamene m'katimo munati zii.